Kukwera phiri n'kubwerako tsiku lomwelo: basi ya gulu, minibasi, galimoto yanu kapena yahayala

Mvula ikangosiya, misewu n'kuyamba kuuma, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp pamayamba kuzungulira zidziwitso za maulendo a Loweruka. Zimanena kuti basi idzanyamuka pamalo akutiakuti m'mamawa kupita ku Zomba, ku Mulanje kapena ku Dedza, kuti padzakhala wotsogolera alendo, chakudya chamasana ndi wojambula zithunzi, ndiponso kuti aliyense adzagona kwawo usiku womwewo. Anthu amene amandifunsa za maulendo amenewa nthawi zambiri amafuna kudziwa ngati ndalamayo ikugwirizana ndi ulendowo, kapena ngati kuli bwino kungopita pa depoti n'kukwera minibasi. Mtengo paokha sungayankhe funso limeneli, chifukwa chinthu chimene chimatha msanga pa ulendo wa tsiku limodzi ndi maola.

M'mwezi wa Juni ndi wa Julayi, pamene anthu ambiri amakonda kukwera mapiri popeza dzuwa silipweteka, kunja kumacha cha m'ma 6 koloko ndipo dzuwa limalowa 5 koloko ikangodutsa, kutanthauza kuti munthu ali ndi kuwala kwa maola pafupifupi 11 okha. Pa maola amenewa muchotsepo a pamsewu popita ndi pobwera, muchotsenso odikira anzanu ndi oima pogula chakudya, ndipo mudzapeza kuti otsala oti mukhale paphiri penipeni ndi anayi kapena asanu. Njira zinayi zimene ndikuzifotokoza pano ndimaziyeza ndi muyeso umenewu: njirayo imasiya maola angati oti munthu aponde dothi la paphiri, ndipo pa maolawo pali ndani woti amuuze tanthauzo la zimene akuona.

Basi ya gulu yokhala ndi wotsogolera alendo, amene ambiri amangomutchula kuti gaidi, ili ndi ubwino umene njira zotsika mtengo zilibe, wakuti imakufikitsani pamene minibasi siifika. Minibasi yochokera ku Limbe imakutsitsani m'tawuni ya Zomba, m'munsi mwa phiri, chonsecho zimene mwadzera zili pamwamba, pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 a chikweza chokhotakhota, pamene basi ya gulu imakwera nanu mpaka cha pa hotela ya Ku Chawe ndi pa damu la Mulunguzi. Mumalipira kamodzi musananyamuke, ndiye simukhalira kunenerera mitengo ndi wa takisi kapena wa kabaza amene waona kuti ndinu mlendo. Mpando wanu wobwerera ulipo kale, ndipo ichi si chaching'ono kwa mayi amene watenga ana awiri, kwa munthu wachikulire, kapena kwa mtsikana amene wasowa mnzake wopita naye koma mtima wake uli kuphiri. Amene anaimapo pa siteji kunja kukuda, akuyang'ana nyali za galimoto iliyonse yobwera ndi chiyembekezo chakuti mwina imeneyi ili ndi malo, amadziwa mtengo wa mpando wosungidwa.

Vuto lake n'lakuti basi ya gulu imayenda pa liwiro la munthu wochedwa kuposa onse. Ndinakwerapo ulendo wina wopita ku Mulanje umene tinauzidwa kuti tinyamuka 6 koloko ndi theka, ndipo ambirife tinafika pa nthawi yake titavala majuzi, tikupuma nthunzi m'kamwa. Tinanyamuka itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, chifukwa anthu atatu ankangoyankha pa foni kuti ali pafupi, ndipo wokonza ulendo sanafune kuwasiya popeza anali asanamalize kulipira. Titafika pa Bvumbwe wina anapempha kuti tiime pang'ono agule masamba, theka la basi n'kutsika, ndipo pang'onoyo inakhala mphindi 40. Pa Dziwe la Nkhalamba, pamene tonse tinalipirira, tinakhalapo nthawi yongokwana kuvula nsapato, kuviika mapazi m'madzi ozizira ngati a mufiriji, n'kuyamba kuitanidwa kuti tizitsika kusanade. Palibe amene anatibera ndalama, koma tsiku lathu linathera pa mipando ya basi.

Chimene chimawonjezera vutoli ndi chizolowezi cha okonza maulendo chodzaza malo ambiri pa chidziwitso chimodzi kuti ulendowo uoneke wonenepa. Mukaona kuti tsiku limodzi lomwelo akulonjeza minda ya tiyi ya ku Thyolo, mathithi a ku Likhubula, chakudya ku Mulanje boma ndi kusambira kwinakwake pobwerera, dziwani kuti malo alionse mudzawaonera pa zenera kapena mothamangitsidwa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ulendo wa gulu umene ndimaukhulupirira ndi wolonjeza phiri limodzi, ndipo ukawonjezera malo ena akhale amodzi okha a m'mphepete mwa msewu womwewo.

Palinso nkhani ya gaidi mwiniwakeyo, ndipo apa m'pamene maulendo amasiyana kwambiri ngakhale mitengo yake ikhale yofanana. Pa maulendo ena munthu amene amatchedwa gaidi ndi msangalatsi chabe: ali ndi chimkuzamawu, amadziwa kuseketsa, amayambitsa nyimbo ndi masewera m'basi, koma akafika paphiri iyenso ndi mlendo ngati inu. Namulondola weniweni amaoneka mukaima pa Emperor's View, kum'mawa kwa phiri la Zomba. Iye adzakuuzani kuti malowa anatchedwa dzinali chifukwa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaimapo mu 1965, ndi kuti Queen's View, pafupi pomwepo, ndi chikumbutso cha ulendo wa mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Adzakulozerani nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, n'kufotokoza kuti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosazama, n'chifukwa chake imaphwa pa zaka za chilala monga zinachitikira mu 1995 ndi mu 2018. Kunja kukayera adzakuonetsani phiri la Mulanje litaima patali ngati mtambo wouma. Popanda munthu wotere, mudzaona chigwa chachikulu chokongola, mudzajambula, n'kubwerera osadziwa dzina la chinthu chilichonse chimene chalowa m'chithunzi chanu.

Choncho musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, funsani, pakuti safunsa anadya phula. Funsani ngati wotsogolera alendo ndi wa kuphiri komweko kapena akuchokera nanu kutawuni, ndipo mufunsenso kukula kwa basi, chifukwa basi yaikulu ya mipando 60 imavutika pa makona a phiri ndipo siingalowe m'misewu yafumbi ya pamwamba, pamene Coaster imakwanitsa zambiri. Mudziwe ngati ndalama yolowera pachipata cha nkhalango ndi ya chakudya zili m'kati mwa mtengo, ndiponso chimene chidzachitike anthu akachepa kapena mvula ikagwa. Funso limene ambiri amaiwala, koma limene limaulula zonse, ndi la nthawi yonyamukira paphiri pobwerera. Wokonza ulendo amene wayankha ola lenileni mosazengereza ndiye kuti anakhala pansi n'kuwerenga tsiku lake, ndipo amene wayankha kuti tidzaonera komweko wakuuzani kale mmene ulendowo udzayendere. Ndi nzerunso kupeza munthu mmodzi amene anayendapo ndi gulu limenelo, chifukwa chidziwitso chokongola aliyense akhoza kuchipanga pa foni.

Njira yachiwiri, ya minibasi kapena Sienta, ndiyo yotsika mtengo kwa munthu mmodzi kapena awiri, ndipo ili ndi ufulu umene basi ya gulu siingapereke. Mumanyamuka pamene mwadzukira, simudikira mnzanu wa pa foni, ndipo mukakonda malo mumakhalapo mpaka mtima utakhuta. Koma nayonso ili ndi kudikira kwake. Minibasi siinyamuka isanadzaze, woitanira adzakulumbirirani kuti yatsala ndi munthu mmodzi pamene anthu ena amene akhalamo ndi ongodzazitsa mipando, ndipo panjira imaima pa Njuli, pa Namadzi, pa Thondwe ndi pena paliponse pamene dzanja lakwezedwa. Mtunda wa makilomita pafupifupi 65 wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, umene galimoto yaing'ono imautha pa ola limodzi ndi mphindi zochepa, ukhoza kudya maola awiri. Mankhwala ake ndi kulawira: minibasi za m'bandakucha zimadzaza msanga chifukwa zimanyamula anthu a ntchito ndi a malonda, ndipo amene wafika pa depoti kusanache akhoza kukhala ali ku Zomba basi ya gulu isananyamuke n'komwe.

Mukatsika, chikweza chija chimakhala chikadali patsogolo panu. Mungathe kukwera takisi kapena njinga yamoto, koma mugwirizane mtengo wopita ndi wobwera musanakwere, mutenge nambala ya woyendetsayo, ndipo ya pobwera musalipiriretu. Amiyendo yolimba amakwera wapansi kudzera kanjira kotchedwa Potato Path, kamene kamadula makona a msewu n'kulunjika pamwamba, ndipo ndi kotopetsa ndithu kwa munthu wosazolowera. Pamwambapo pali anyamata a komweko ogwira ntchito yoperekeza alendo, odziwa njira ya ku mathithi a Williams ndi a Mandala ndi ya ku Dzenje la Chingwe, kumadzulo kwa phiri, kumene amati kale ankaponyako anthu ndipo ukaima pafupi umaona chigwa cha Shire. Kulipira mmodzi wa iwo kumawonjezera pa mtengo wa ulendo, komabe mukaphatikiza zonse anthu awiri kawirikawiri amawononga zochepa kuposa pa basi ya gulu, ndipo gaidi amakhala wawo okha.

Kunena zoona, Zomba ndiwo malo amene minibasi imaposa njira zina, ndipo chifukwa chake ndi tawuni yeniyeniyo. Basi za magulu zimangodutsamo kuthamangira pamwamba, chonsecho mzindawu unali likulu la dziko lino kuchokera mu 1891 mpaka mu 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo mbiri imeneyo ikadaoneka kwa munthu woyenda pansi. Pali chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles polowa m'tawuni, pali nyumba zakale za boma ndi nyumba ya malamulo yakale m'mbali mwa phiri, pali nyumba imene inamangidwa mu 1886 ngati pokhala nthumwi ya boma la Britain ndipo pambuyo pake inadzakhala hotela ya Masongola, komanso pali munda wa mitengo ndi maluwa m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi, kumene munthu angapume pamthunzi osalipira zambiri. Zonsezi zili pamtunda woyendeka. Munthu amene miyendo yake siilola chikweza akhoza kuthera tsiku lonse m'munsimu, n'kumalizira ku msika waukulu, osamva kuti wamanidwa kanthu.

Njira yachitatu ndi galimoto yanu, kapena ya mnzanu imene mwasonkherana mafuta anthu anayi. Pa nkhani ya maola palibe njira yoiposa, chifukwa mumanyamuka 5 koloko ngati mwafuna, mumaima pamene mwafuna, ndipo pa msewu wokwera phiri la Zomba mungathe kuima kugula masitiroberi ndi mabulosi amene ana amagulitsa m'timbale m'mphepete mwa msewu, chinthu chimene dalaivala wa basi ya gulu sangachite pa kona iliyonse. Koma pali zinthu zimene eni galimoto saziwerengera poyerekeza mitengo. Zaka zapitazi taona mizere italiitali pa malo omwetsera mafuta, ndiye ulendo wa Loweruka uyenera kuyamba ndi thanki yodzaza Lachisanu, osati ndi chiyembekezo chakuti mafuta mudzawapeza kutsogolo. Galimoto yotsika pansi imafika pa Ku Chawe bwinobwino chifukwa msewu ndi wa phula, koma misewu yopita ku Emperor's View ndi ku Dzenje la Chingwe ndi yafumbi ndi miyala, ndipo ambiri amasiya galimoto n'kuyenda pansi kapena kubwerera ndi chitsulo cha pansi chitakhudzidwa. Potsika phiri, woyendetsa amene sadziwa kugwiritsa ntchito giya yotsika amaponda mabuleki mpaka kununkha, ndipo mabuleki otentha sagwira.

Ndiyeneranso kumunenera woyendetsayo, popeza palibe amene amamukumbukira. Anzake akamatembenuka kuyang'ana chigwa, iye maso ake ali pa kona yotsatira, ndipo akamagona pobwerera atatopa ndi phiri, iye, wotopa chimodzimodzi, akulimbana ndi njinga zopanda nyali ndi anthu oyenda m'mphepete mwa msewu kunja kutada. Ngati m'gulu mwanu woyendetsa ndi mmodzi yekha, ndiye kuti mmodzi mwa inu sanapite kokasangalala.

Njira yachinayi ndi imene magulu a kutchalitchi, a kuntchito ndi a banki m'khonde amaidziwa kale: kusonkha ndalama, kuchita hayala Coaster ndi dalaivala wake, n'kukapeza gaidi kuphiri komweko. Kwa anthu 15 kapena kuposerapo amene amadziwana, iyi ndiyo njira imene ndingailimbikitse, chifukwa imatenga ubwino wa basi ya gulu n'kusiya ulamuliro m'manja mwanu. Wochedwa mumamudziwa ndipo mungathe kumukalipira kapena kumusiya, malo mumasankha nokha, chakudya mungathe kuphika kunyumba n'kunyamula m'mapoto, ndipo ndalama ya gaidi imapita kwa munthu wa kuderalo osadutsa m'manja mwa wina. Kulemera kwake konse kumagwera munthu mmodzi, amene amatolera ndalama, kukambirana ndi mwini basi ndi kulandira madandaulo, ndipo gulu limene lilibe munthu wotere lisayese. Mugwirizane ndi mwini basi polemba, makamaka za mafuta, za chakudya cha dalaivala ndi za ola lomaliza, chifukwa mikangano yambiri ya hayala imabuka madzulo, dalaivala akafuna kunyamuka gulu likadali pa mathithi.

Ku Mulanje kuyerekeza kumasintha pang'ono, chifukwa kumeneko gaidi si wongokometsera ulendo. Phirili ndi lalikulu, nsonga yake ya Sapitwa ndi ya mamita 3,002, yaitali kuposa ina iliyonse m'dziko muno, ndipo nkhungu ikhoza kutseka njira pa mphindi zochepa. Tinene poyera kuti pa ulendo wa tsiku limodzi kuchokera ku Blantyre simungafike pa Sapitwa, pakuti pamafunika kugona m'tinyumba ta paphiri. Chimene tsiku limodzi limakwanitsa ndi kulowa pachipata cha nkhalango ku Likhubula, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chitakale pa msewu wa ku Phalombe, n'kuyenda ola limodzi ndi kanthu kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, thanthwe la Chambe likukuyang'anani chakumpoto. Pa Likhubula pali magaidi ndi onyamula katundu amene ali ndi bungwe lawo ndipo amalandira alendo mosinthana, choncho ngakhale mutabwera pa njira iti mwa zinayizi, munthu woyenera kukutsogolerani ali pomwepo. Iwo ndi amene amadziwa mmene namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagumulira mbali zina za phiri n'kusintha njira ndi makwawa, ndipo ndi amene adzakuletsani kulumphira m'dziwe pamalo ozama, pakuti madziwo ndi ozizira moti amamanga miyendo ngakhale ya wodziwa kusambira.

Popeza gaidi ali kale komweko, chimene basi ya gulu imakugulitsani ku Mulanje ndi mayendedwe okha, ndipo funso limatsala pa msewu. Wodzera ku Midima ndi wachidule, pamene wodzera ku Bvumbwe ndi ku Thyolo ndi wautali koma umadutsa pakati pa minda ya tiyi, imene ina mwa iyo, monga wa Satemwa umene unayamba mu 1923, imalandira alendo ofuna kuona kakololedwe ndi kulawa tiyi. Ulendo wokonzedwa mwanzeru umapita pa Midima m'mawa kuti ufike msanga paphiri, n'kubwerera pa Thyolo dzuwa likupendeka, pamene minda imaoneka bwino koposa. Wa minibasi ayenera kusintha pa Chitakale, ndipo zikatheka afike pa Likhubula 9 koloko isanakwane. Chinthu chimodzi chimene ndimapempha aliyense, kaya wabwera bwanji, n'chakuti aganize kawiri asanagule timabokosi ndi tiziboliboli ta mkungudza. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera pa phiri limeneli lokha, ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kudulidwa.

Kwa anthu a ku Lilongwe, phiri la pafupi ndi la Dedza, pamtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, ndipo kumeneku ndiko kumene basi yokhala ndi gaidi wodziwa ntchito imaonetsa phindu lake lonse. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, yozizira moti alendo amagula zipewa pamsika, ndipo phiri lake limafika mamita pafupifupi 2,200. Amene akungofuna kukwera phirilo, kudya ku Dedza Pottery, kumene akhala akuumba mbale ndi makapu kuchokera mu 1987, n'kugula thumba la mbatatesi pobwerera, minibasi imukwanira, ndipo wa galimoto yake akumbukire kuti pa Kalinyeke pali chipata cholipiritsa. Koma chuma chenicheni cha Dedza chinamwazikana m'mapiri a Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Malo amene alendo amapitako kawirikawiri, monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, ndi otalikirana, misewu yake ndi yafumbi, zikwangwani n'zochepa, ndipo minibasi za pa M1 sizipitako.

Ngakhale mutafika, thanthwe silidzilankhulira lokha. Munthu wopanda womufotokozera amaona timizere tofiira, timadontho ndi zinthu zoyera zonga abuluzi, n'kudabwa kuti mtunda wonse uja wayendera zimenezi. Wodziwa adzakuuzani kuti zofiirazo ndi zakale kwambiri, za Abathwa amene makolo athu ankawatchula kuti Akafula, ndi kuti zoyerazo anajambula ndi Achewa, zina zokhudza chinamwali cha atsikana ndipo zina zokhudza Nyau. Adzakuuzaninso kuti anthu a m'midzi yozungulira akadalemekeza ena mwa malowa, ndiye si pokhudza ndi manja, si pothira madzi kuti chithunzi chituluke bwino, ndipo si polemba dzina lanu ndi makala monga achitira ena opanda khalidwe. Gulu la anthu 20 mu Coaster, lokhala ndi munthu mmodzi wotere, limapindula kuposa anthu anayi a m'galimoto yawo amene atha maola awiri akufunsa njira kwa ana oweta mbuzi.

Maulendo ena amaphatikiza Dedza ndi Mua, ndipo apa ndimasinthako maganizo anga a phiri limodzi pa tsiku, malinga ngati Chongoni asiyidwa. Msewu wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti, umene anthu amautcha Khwekhwerere, ndi chinthu choti munthu aone paokha: umapindika motsatizana m'mbali mwa phiri, chigwa cha kunyanja chikutambasuka kutsogolo, ndipo kuzizira kwa Dedza kumasanduka kutentha musanathe ola. Kumeneku munthu amayamikira kukhala pa zenera wina akuyendetsa, koma ayamikire pokhapokha ngati dalaivalayo anatsikapo msewuwu ndipo mabuleki ake ndi abwino. Ku Mua kuli mishoni imene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mu 1902, ndi malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene nyumba yosungira zakale ya Chamare imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao ndipo ili ndi zigoba za gule wamkulu mazana angapo. Nyumbayi ili ndi ofotokozera alendo akeake, ndipo munthu wofuna kumvetsa ayenera kuipatsa maola awiri osachepera. Pa minibasi ulendo wozungulira chonchi sungatheke tsiku limodzi popanda kufika kunyumba usiku.

Za Livingstonia ndinene mwachidule, chifukwa anthu amafunsa. Tawuni ya pa Khondowe, kumene Robert Laws anasamutsirako mishoni mu 1894, ndi yokongola kuposa ena mwa malo amene ndatchulawa, ndi nyumba yake yamiyala ya mu 1903 ndi mathithi a Manchewe otalika mamita 125, koma ndi ulendo wa tsiku limodzi kwa munthu wa ku Mzuzu kapena ku Rumphi yekha. Msewu wa Gorodi wokwera kuchokera pa Chitimba uli ndi makona pafupifupi 20 pa makilomita 15 ndipo si wa basi, ndiye gulu liyenera kudzera mbali ya ku Rumphi. Chidziwitso cholonjeza Livingstonia kuchokera ku Lilongwe n'kubwerako tsiku lomwelo chikulonjeza kukhala m'basi usana ndi usiku.

Chatsala ndi nyengo, imene ingagwetse njira iliyonse mwa zinayizi koma siiwononga mofanana. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mapiri a kum'mwera amavala chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu zochokera mbali ya ku Mozambique, zimene zimatha kukhala masiku awiri kapena atatu osasuntha. Wa minibasi ndi wa galimoto yake akadzuka n'kuona kuti phiri la Ndirande kapena la Soche labisika, amabwerera m'bulangete n'kusamutsira ulendo ku Loweruka lina osataya kanthu, pamene wa basi ya gulu analipira kale ndipo tsiku linalembedwa. Mu Seputembala ndi Okutobala vuto limakhala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi, zimene zimaphimba chigwa moti pa Emperor's View nyanja ya Chilwa imangooneka ngati kachitsulo kotuwa. Masabata a kumapeto kwa Epulo ndi a mu Meyi, mvula itangosiya, ndiwo amene mpweya umakhala woyera, mathithi akadali ndi madzi ambiri ndipo udzu ukadali wobiriwira. Mwezi uliwonse umene mungasankhe, tengani juzi ndi nsapato zogwira pansi, ngakhale mutanyamuka kutawuni kukutentha, chifukwa ndinaonapo mayi wina atavala nsapato zazitali zapaphwando akutsika njira ya ku Likhubula chokhala pansi, nsapatozo zili m'manja mwa gaidi.